Kusankha snowboard ya akazi ozolowera paki kumayambira pa phazi ndi pa sikelo

Mkazi amene watha nyengo zingapo za chipale chofewa akusewera snowboard (thabwa lotererekera pa chipale) mu paki, malo a paphiri okhala ndi zodumphira ndi zotererapo, amene kutsika chammbuyo sikumuvutanso ndipo rail (chitsulo chotererapo) yokhota siimuopsa, amafika pamene thabwa limene anaphunzirira limayamba kumukana. Akatera kuchokera pa chiunda chachikulu, mulu wa chipale wodumphirapo, mchira wa thabwa umagonja, iye n'kukhala pansi. Akathamanga kuti apeze liwiro lodutsira knuckle, malo athyathyathya aja amene ali pakati pa podumphira ndi potera, mphuno ya thabwa imanjenjemera. Ambiri amadziimba mlandu kuti luso lawo laima. Kawirikawiri chimene chachitika n'chakuti miyendo yakula mphamvu kuposa thabwa. Matabwa a ongoyamba amapangidwa kuti azikhululuka, ndipo thabwa lokhululuka kwambiri limameza mphamvu imene mwendo waikamo osaibweza.

Akapita kukafuna lina amapeza mawu awiri olembedwa paliponse: la akazi, la paki. Mawu awiriwa amauza wogula zochepa kwambiri. Paki ili ndi masewera atatu kapena anayi osiyana amene amafuna matabwa osiyana, ndipo akazi nawonso si a phazi limodzi kapena thupi limodzi.

Matabwa opangira akazi sanayambe ndi masewerawa. Jake Burton Carpenter atayamba kupanga matabwa ku Vermont mu 1977, ndi zaka zambiri zotsatira, mkazi ankakwera chimene chinalipo. Mu 1994 ndi pamene Shannon Dunn, amene anali ndi kampani ya Sims, ndi Tina Basich, amene anali ndi ya Kemper, anatulutsa matabwa okhala ndi mayina awo, ena mwa oyamba a akazi. Dunn yemweyo anadzatenga mendulo ya bronze pa halfpipe, ngalande ya chipale ya makoma awiri okhota, ku Nagano mu 1998, chaka chimene snowboard inalowa mu Olympics. Kuchokera pamenepo makampani anazindikira kuti pali msika, koma ena anangotenga njira yachidule: kufupikitsa thabwa la amuna, kulifewetsa, n'kulipaka maluwa. Chizolowezi chimenechi sichinatheretu, ndipo ndi chimene chimapweteka mkazi waluso, chifukwa mashelefu amadzaza ndi matabwa ofewa opangira munthu amene akuphunzira kukhota.

Pamene izi zinkachitika, akazi ankakwera pamwamba. Slopestyle, mpikisano wodutsa ma rail ndi ziunda motsatizana, inalowa mu Olympics ku Sochi mu 2014, Jamie Anderson n'kutenga golide, ndipo anabwerezanso ku PyeongChang mu 2018. Anna Gasser wa ku Austria anapambana big air, mpikisano wodumpha chiunda chimodzi chachikulu, mu 2018 ndi mu 2022, ndipo mu 2018 momwemo anakhala mkazi woyamba kutera atagudubuzika katatu m'mwamba. Zoi Sadowski-Synnott anapatsa New Zealand golide wake woyamba wa Winter Olympics ku Beijing mu 2022. Anthu otere sakwera thabwa lofewa lamaluwa, ndipo chifukwa cha iwo makampani akuluakulu tsopano ali ndi matabwa a akazi olimba, opangidwa ndi zipangizo zofanana ndi za amuna. Alipo, kungoti muyenera kudziwa kuwasiyanitsa ndi anzawo.

Thabwa la akazi lopangidwa bwino limasiyana ndi la amuna pa zinthu zitatu zenizeni. N'lopapatiza, chifukwa phazi la mkazi nthawi zambiri ndi lalifupi. Limapindika ndi mphamvu yocheperapo, chifukwa analiyeza ndi thupi lopepuka. Ndipo limapezeka mu utali waufupi, ambiri kuyambira cha m'ma masentimita 138 kufika cha m'ma 152. Zina zonse ndi utoto.

Phazi kaye

Chinthu chimene ambiri amachiyang'ana pomaliza ndi chimene chiyenera kukhala choyamba, m'lifupi mwa thabwa. Makampani amalemba muyeso wa chiuno cha thabwa, pamene pali popapatiza kwambiri, mu mamilimita. Matabwa ambiri a akazi amakhala pakati pa 235 ndi 245, pamene a amuna a utali wapakati amayambira cha m'ma 250. Kusiyana kwa sentimita imodzi kumaoneka kochepa pa pepala, koma pansi pa phazi n'kwakukulu. Mumapendeketsa thabwa ndi zala ndi chidendene. Ngati thabwa ndi lalikulu kuposa jombo, zala zimathera mkati osafika pamphepete, ndiye kusintha kuchoka pamphepete ya kuchidendene kupita ya kuzala kumachedwa ndipo kumatopetsa katumba. Pa njira yopita ku chiunda, pamene mumafuna kusintha mphepete kamodzi mwachangu musananyamuke kuti muyambe kuzungulira, kuchedwa kumeneko kumasokoneza chilichonse chotsatira. Ngati thabwa ndi lopapatiza kwambiri, jombo imatulukira kunja ndipo mukapendekeka kwambiri zala kapena chidendene zimakhula chipale, mphepete n'kusiya kugwira. Mu halfpipe zimenezi zimagwetsa munthu pakhoma.

Chofunika n'chakuti jombo itulukire pang'ono mbali zonse ziwiri, sentimita imodzi kapena kupitirira pang'ono. Dziwaninso kuti mapazi sakhala pachiuno pa thabwa. Amakhala pamene pali mabowo omangira ma binding, zogwirira jombo pa thabwa, pomwe thabwa latambasuka kale, ndipo makampani ena amalemba muyeso wa pamenepo, umene ndi wothandiza kuposa wa chiuno. Mkazi amene phazi lake ndi lalitali masentimita 26 kapena kupitirira ayambe kuyang'ananso matabwa a amuna afupiafupi kapena aja osasankha mwamuna kapena mkazi. Palibe chimene amataya pochita zimenezi. Koma wa phazi laling'ono amene wagula thabwa la amuna poganiza kuti ndilo la akatswiri amakhala akulimbana nalo tsiku lonse.

Pambuyo pa phazi pamabwera sikelo. Lamulo lakale loimika thabwa n'kuona ngati likufika pachibwano ndi lokomera wogulitsa wofulumira basi. Thabwa silidziwa kutalika kwa munthu, limangomva kulemera kumene kwaikidwa pamwamba pake ndi mphamvu imene ikulipinda. N'chifukwa chake kampani iliyonse imalemba malire a makilogalamu pa utali uliwonse. Malirewa amakhala otambasuka ndipo amalowana, kotero munthu mmodzi amatha kukwanira pa matabwa atatu a mtundu umodzi. Apa ndi pamene wozolowera amasankha mwanzeru. Mukakhala chakumapeto kwa malire, thabwa limamveka lofewa kuposa mmene analembera, losavuta kulipinda pa rail. Mukakhala chakumayambiriro, thabwa lomwelo limamveka lolimba, lokhazikika potera, koma lofuna mphamvu kuti munyamule mphuno.

Anthu a paki amakonda kudula masentimita awiri kapena anayi pa utali umene akanakwera phiri lonse, ndipo pali chifukwa. Thabwa lalifupi lili ndi kulemera kochepa kunsonga, choncho limazungulira mwachangu m'mwamba ndipo silikola pokwera pa rail. Koma chizolowezichi chimapitirira muyeso. Ndimaona kuti mkazi amene wayamba kudumpha ziunda zazikulu amapindula kwambiri ndi masentimita awiri owonjezera kuposa awiri ochotsa, chifukwa potera utali ndi umene umamupatsa malo okonzera cholakwa. Akatera chakumbuyo pang'ono, mchira wautali umamugwira. Kuzungulira kumaphunziridwa ndi mapewa ndi chiuno, pamene mchira umene kulibe palibe chimene chingaubwezere.

Paki yanu ndi iti?

Funso limeneli liyankhidwe moona, osati mwa maloto. Wina amathera tsiku lonse pa ma rail ndi mabokosi, akukwera wapansi kubwerera pamwamba kuti ayesenso nose press yomweyo, kutsamira kumphuno mchira uli m'mwamba. Wina amangodutsa ma rail n'kulunjika mzere wa ziunda zazikulu zolembedwa L ndi XL. Wina ndi wa halfpipe, imene m'mipikisano ikuluikulu makoma ake amatalika mamita 6.7 ndipo amakhala olimba ngati ayezi weniweni. Woyamba amafuna thabwa lofewa chapakati, lalifupi, la mphepete zosathwa. Wachiwiri amafuna lolimba, lothamanga, lodumpha. Wachitatu amafuna lolimba koposa ndi mphepete zakuthwa kuchokera kumphuno mpaka kumchira. Thabwa limodzi silingakhutiritse onse atatu, ndipo limene likulengezedwa kuti limachita zonse limakhala lili pakati, losapambana paliponse. Zimenezo si zoipa ngati inunso muli pakati, monga mmene alili ambiri. Kungoti mudziwe mbali imene mukutsamira.

Mmene thabwa limagonera pansi

Ikani thabwa pamalo osalala n'kuliyang'ana chammbali. Mmene lakhotera ndi nkhani imene yakanganitsa anthu a snowboard kwa zaka pafupifupi makumi awiri.

Kapangidwe kakale ndi camber. Pakati pa thabwa pamakwera m'mwamba, ndipo limakhudza pansi pamalo awiri okha, pafupi ndi mphuno ndi pafupi ndi mchira. Mukaimapo mumalipondereza kuti ligone, ndiye limakhala ngati uta wokokedwa, lodzaza mphamvu imene ikudikira kumasulidwa. Mukatsamira kumchira n'kunyamuka, chimene amati ollie, thabwa limakukankhani m'mwamba. Mukapendekeka, mphepete yonse imaluma chipale kuchokera pamalo okhudza akutsogolo mpaka akumbuyo. Mukatera molimba, thabwa limakana kugonja. Kuipa kwake n'kwakuti malo awiri okhudza aja amakhala tcheru nthawi zonse. Mukatera musanamalize kuzungulira, thabwa lili chopingasa pang'ono, mphepete imakola ndipo mumamenyetsa nkhope kapena msana pansi musanadziwe chimene chachitika.

Cha m'ma 2007 kampani ya Lib Tech inatulutsa Skate Banana, thabwa lokhotera kwina, pakati pali pansi ndipo nsonga zakwera. Kapangidwe kameneka, rocker, kanafala mofulumira kwambiri, moti kwa zaka zingapo kunkaoneka ngati camber yatha. Rocker imanyamula malo okola aja kuwachotsa pa chipale. Thabwa limazungulira mosavuta pansi, press imabwera popanda kulimbana, ndipo kutera mopendekeka kumakhululukidwa. Kwa wophunzira ndi mphatso. Kwa wozolowera zofooka zake zimaonekera msanga: ollie imakhala yopanda moyo, pa liwiro lalikulu thabwa limayendayenda pansi pa mapazi, ndipo mukatera chakumbuyo mchira umangoterereka m'malo mokubwezani pakati. Okwera ziunda zazikulu ndi halfpipe ambiri sanaisiye camber, ndipo pang'ono ndi pang'ono msika unabwerera kwa iwo.

Matabwa ambiri a lero ndi osakaniza, ndipo apa ndi pamene mayina a makampani amasokoneza, chifukwa aliyense anapatsa kasakanizidwe kake dzina lakelake. Mukachotsa mayinawo pamatsala mabanja awiri. Banja loyamba lili ndi camber pakati pa mapazi, ndipo chakunsonga kuli kachigawo kathyathyathya kapena kokwera pang'ono. Limamveka ngati camber, lili ndi mphamvu yodumphira, koma malo okola anawafewetsa. Thabwa la Birds of a Feather la kampani ya Capita lili m'banja limeneli. Banja lachiwiri lili ndi rocker pakati pa mapazi ndi camber pansi pa phazi lililonse, monga kapangidwe ka C2 ka makampani a GNU ndi Lib Tech kapena ka Flying V ka kampani ya Burton. Limeneli limazungulira pakatikati, ndi losewereka, koma mukaliyendetsa lathyathyathya pa chipale cholimba limafuna kukhotera kwina lokha. Palinso matabwa athyathyathya kuchokera phazi kufika phazi, amene okonda ma rail ena amawakonda chifukwa amakhala bata pachitsulo.

Maganizo anga ndi akuti mkazi amene amatha kale kulamulira mphepete zake ayambire pa camber yeniyeni kapena pa banja loyamba, ndipo apite ku rocker pokhapokha ngati moyo wake wonse uli pa ma rail ndi kusewera pansi. Sabata yoyamba pa camber imakhala yowawa kwa amene anakulira pa rocker, chifukwa thabwa limaulula ulesi uliwonse wa mapazi. Pambuyo pake ollie imakwera, ndipo kutera kumakhala ndi pansi pake.

Makampani ena anathetsa vuto la kukola m'njira ina, popinda pansi pa thabwa chopingasa. Bataleon ndi yodziwika ndi zimenezi: pansi pake pali chigawo chapakati chathyathyathya ndipo mbali zake chakunsonga zakwera pang'ono, kotero thabwa limatha kukhala ndi camber yonse koma mphepete osakola msanga. Ena amalikonda kwambiri, ena amati amamva ngati mphepete ikuchedwa kugwira. Limeneli musagule musanaliyese.

Nambala ya kulimba imene imalembedwa pa thabwa, kuyambira 1 mpaka 10, musaikhulupirire kwambiri. Palibe bungwe limene limayeza manambalawa. Kampani iliyonse imayerekeza matabwa ake okhaokha, ndiye 5 ya kampani ina akhoza kukhala 7 ya inzake. Komanso 6 ya thabwa la akazi ndi yofewa kuposa 6 ya thabwa la amuna la kampani yomweyo. Mkazi wamphamvu, wolemera chapakati, amene akufuna thabwa la ziunda, asaope nambala imene ikuoneka yaikulu pa mndandanda wa akazi.

Ndiponso nambala imodzi ikubisa zinthu ziwiri. Pali kupindika kotsata utali, kumene mumamva pochita press kapena ollie, ndipo pali kupotoka, kumene kumachitika phazi lakutsogolo likaponda kuzala pamene lakumbuyo lili kuchidendene. Thabwa lopotoka mosavuta limalola kukonza zinthu ndi mapazi okha, zimene zimathandiza pa rail ndi pa liwiro lochepa. Thabwa lokana kupotoka limagwira mzere wake pa chipale cholimba ndi pokwera khoma la halfpipe. Kusiyanaku kumachokera kwambiri ku nsalu ya fiberglass imene imakuta mtengo wa mkati. Ikalembedwa biax ndiye kuti ulusi wake wayenda mbali ziwiri, ndipo thabwa limakhala lomasuka. Ikalembedwa triax ulusi wayenda mbali zitatu, kuphatikizapo zopingasa, ndipo thabwa limauma pa kupotoka. Timizere ta carbon timene amaika kuchokera pansi pa phazi kupita kunsonga timawonjezera mphamvu yodumphira popanda kulemeretsa thabwa, ngakhale kuti tikachuluka thabwa limayamba kutumiza kugunda kulikonse m'mawondo. Mtima wa thabwa ndi mtengo, kawirikawiri poplar kapena aspen, wosakaniza ndi paulownia kuti lipepuke, ndi timizere ta beech kapena nsungwi pamene pakufunika mphamvu. Thabwa lopepuka kwambiri limakoma m'mwamba, koma pa chipale chokumbikakumbika cha masana limakankhidwa mosavuta.

Pa kaumbidwe, nkhani ndi yaifupi. Wa paki amafuna true twin, thabwa limene mphuno ndi mchira n'zofanana pa utali, pa kulimba ndi pa kakhotedwe, mapazi ali pakatikati penipeni. Amene amanyamuka chakutsogolo n'kutera chammbuyo safuna kuti thabwa lisinthe khalidwe pakati pa ulendo. Directional twin imaoneka yofanana koma mapazi amabwerera m'mbuyo pang'ono kapena mchira umalimbirapo, ndipo ndi yabwino kwa amene theka la tsiku amathera kunja kwa paki. Chosangalatsa kwambiri ndi asym twin. Thupi la munthu silipendekeka mofanana mbali ziwiri: kuzala muli ndi akakolo ndi mawondo okuthandizani, kuchidendene mulibe zambiri. Ndiye opanga ena amakhotetsa kwambiri mphepete ya kuchidendene kuti kukhota kwa mbali imeneyo kufanane ndi kwa kuzala. Ladies Choice ya GNU, thabwa la Jamie Anderson, ndi lotere. Limagwira bwino ntchito kwa amene amaima mapazi atatsegukira kunja mofanana, monga madigiri 15 kutsogolo ndi 15 kumbuyo kapena 12 ndi 12, mmene ambiri a paki amaimira.

Pansi pa thabwa ndi mphepete

Pansi pa thabwa pali pulasitiki ya polyethylene imene anthu amangoitcha P-Tex, ndipo imapangidwa m'njira ziwiri. Extruded amaisungunula n'kuiyala. Siifuna chisamaliro chambiri, ndipo ikakandika n'kosavuta kuthira pulasitiki ina pabalapo. Sintered amaipanga popanikiza ufa wa pulasitiki ndi kutentha, ndipo imatuluka yolimba, yomwa bwino phula lotereretsa (wax), yothamanga. Koma ikasiyidwa osapakidwa phula imauma n'kuyera, ndipo ubwino wake umatha.

Nthawi zambiri amalangiza kuti wa paki atenge extruded chifukwa ma rail adzaiwononga basi. Kwa wa ma rail okhaokha malangizowa ndi oona. Kwa mkazi wodumpha ziunda ndimawakana, ndipo chifukwa chake ndi liwiro. Ziunda zimamangidwa kuti munthu afike potera pa liwiro linalake. Wopepuka thupi amatsitsidwa liwiro msanga ndi mphepo yochokera kutsogolo ndiponso ndi chipale chonyowa chomata cha kumapeto kwa nyengo, kuposa mnzake wolemera amene wanyamukira malo omwewo. Amene anaonera mpikisano wa akazi wa slopestyle ku PyeongChang mu 2018, umene mphepo yamphamvu inausokoneza mpaka ambiri anagwa, anaona chimene mphepo imachita kwa munthu ali m'mwamba. Kuperewera liwiro pa chiunda chachikulu kumatanthauza kutera pa knuckle, pamalo athyathyathya, ndipo kugunda konse kumalowa m'mawondo ndi m'msana. Pansi pothamanga, popakidwa phula loyenera kuzizira kwa tsikulo, pamathandiza kupewa zimenezo. Liwiro lochuluka mukhoza kulichepetsa ndi kakhota kamodzi musanafike podumphira, koma loperewera mulibe kolitenga.

Mphepete ndi chitsulo chozungulira thabwa, ndipo apa zofuna za ma rail ndi za ziunda zimatsutsana poyera. Mphepete yakuthwa imakola pa rail, makamaka pa boardslide pamene thabwa lili chopingasa pachitsulo. Okonda ma rail amaitupa kuti ibunthe, ena pamalo okhudza okha, ena mpaka pakati pa mapazi. Koma chitsulo chimene mwatupa sichibwerera, ndipo thabwa lobuntha siligwira pa podumphira pamene pauma ndi ayezi m'mawa. Njira yapakati ndiyo kupendeketsa mphepete ya pansi ndi madigiri awiri kapena atatu, kuti ikwere pang'ono kuchoka pachitsulo koma ikhalebe yakuthwa mukapendeketsa thabwa. Chitani pang'onopang'ono, mukwere tsiku limodzi, kenako muone ngati pakufunika kuwonjezera. Matabwa a GNU, Lib Tech ndi Roxy ali ndi mphepete yamafundemafunde imene amaitcha Magne-Traction, yopangira kugwira pa chipale cholimba, ndipo imagwirabe ngakhale itabuntha pang'ono. Ena amaiona ngati yoluma mopitirira.

Kakhotedwe ka mbali ya thabwa, kamene amakalemba ngati sidecut mu mamita, pa matabwa a paki a akazi kamakhala cha m'ma 7 kapena 8. Nambala yaing'ono imapereka makhota afupiafupi, yaikulu imakhazikika pothamanga molunjika. Pa zonse zolembedwa pa thabwa iyi ndi imene simuyenera kutaya nayo tulo.

Thabwa labwino limawonongeka ndi ma binding osagwirizana nalo. Choyamba onani ngati angamangike n'komwe. Matabwa ambiri ali ndi mabowo oikidwa mwa dongosolo lotchedwa 2x4 kapena 4x4, pamene a Burton ali ndi timipata tiwiri totalika totchedwa The Channel. Ma binding a Burton olembedwa EST amamangika pa Channel pokha, ndipo ena amafuna chimbale choyenera kuti akwanire pamenepo. Chachiwiri, kulimba kwawo kufanane ndi kwa thabwa. Thabwa lolimba la camber lokhala ndi ma binding ofewa limamva mochedwa chimene phazi lanena. Ma binding a akazi amakhala ndi chotsamira chakumbuyo chachifupi, chifukwa katumba wa mkazi nthawi zambiri amayambira m'munsi, ndipo chotsamira chachitali chimamudinda. Jombo nazonso za akazi zimapapatiza kuchidendene. Chidendene chikamanyamuka mkati mwa jombo, palibe thabwa limene lingakonze zimenezo, ndipo ngati ndalama zikukwanira chinthu chimodzi chokha chaka chino, jombo zitsogole.

Kutalikirana kwa mapazi kuyambire pamene kampani yaika chizindikiro, kenako musinthe sentimita imodzi kapena awiri panthawi. Kutambasula kumakhazikitsa potera ndi pa rail, kubweretsa pafupi kumathandiza kuzungulira ndipo kumapumitsa mawondo. Mkazi wamfupi amene wasankha thabwa la amuna aonetsetse kuti mabowo ake akulola mapazi kuyandikana mokwanira.

Dzina la katswiri pa thabwa limakopa, ndipo nthawi zina limanena zoona za khalidwe la thabwalo. Koma katswiri amakwera masiku ambiri pa chaka, ali ndi miyendo yophunzitsidwa, ali ndi munthu womupakira phula ndi kumunolera mphepete, ndipo thabwa likathyoka amapatsidwa lina. Njira yodalirika ndi masiku oyesera amene makampani ndi masitolo a kumapiri amakonza, pamene mumabwereka thabwa kwa maola ochepa. Bwerani ndi jombo zanu ndi ma binding anu ngati akulola, ikani mapazi mmene mumaikira nthawi zonse, ndipo mudutse mzere womwewo umene mumaudziwa bwino, chiunda chomwecho ndi rail yomweyo, kuti chosintha chikhale thabwa lokha. Yesani utali uwiri wa mtundu umodzi musanayese mitundu isanu. Kupinda thabwa ndi manja m'sitolo kumangokuuzani pang'ono za kupindika kwa utali, sikunena kanthu za kupotoka kapena za mmene limaterera.

Muwerengenso chitsimikizo cha kampani musanalipire. Pafupifupi onse amabweza thabwa limene lamatuka lokha chifukwa cha vuto la kufakitale, koma salandira limene lagunda rail, mwala kapena mtengo, ndipo mphepete yosweka pakati pa mapazi amaizindikira msanga kuti yachokera pachitsulo. N'chifukwa chake ambiri amene amakwera ma rail ndi ziunda zomwe amakhala ndi matabwa awiri: lakale, lobuntha, la extruded, limene salimvera chisoni pachitsulo, ndi latsopano la camber, lakuthwa ndi lopakidwa phula, limene amalisungira masiku a ziunda zazikulu ndi halfpipe.